WOLOWA NDANI, WOLIPIRA NDANI? Mbiri ya makomo a masukulu a ukachenjede a Akatolika ku America

Mpingo ukamakumbukira zaka zimene wayenda, masukulu ndiwo amakhala pakati pa zinthu zoyamba kuziwerenga. Nkoyenera kutero, pakuti tchalitchi ndi sukulu zidakulira pabwalo limodzi. Koma pali mafunso awiri amene salekana ndi sukulu ya mpingo kulikonse kumene yamangidwa: woloredwa kulowa ndani, nanga wolipira ndani? Mbiri ya masukulu a ukachenjede a Mpingo wa Katolika m'dziko la United States of America ikuonetsa poyera kuti mafunso awiriwa ndi funso limodzi. Masukulu monga Georgetown, Notre Dame, Boston College ndi Holy Cross adamangidwira ana a anthu amene makomo ena adali otsekeka kwa iwo. Patapita mibadwo ingapo, masukulu omwewo adapezeka pakati pa odula koposa m'dzikomo, ndipo ana a anthu olemera ndiwo adachuluka m'menemo. Padalibe msonkhano umene udagamula zopirikitsa amphawi. Kusinthako kudadza pang'onopang'ono, kudzera m'buku la msungichuma.

Sukulu yaulere ya ku Messina

Ambiri mwa masukulu amenewa adayambitsidwa ndi chipani cha ansembe chotchedwa Ajezuiti, chimene Ignatius Loyola wa ku Spain adakhazikitsa, ndipo Papa Paul III adachivomereza m'chaka cha 1540. Kumapeto kwa chaka cha 1547 akuluakulu a mzinda wa Messina, pa chilumba cha Sicily, adapempha Ignatius kuti awatumizire aphunzitsi a ana awo. M'chaka cha 1548 iye adatumiza anthu khumi motsogozedwa ndi Jerome Nadal, ndipo mzindawo udalonjeza kuwamangira ndi kuwadyetsa. Lamulo limene Ignatius adaika pa sukuluyo, ndi pa ena onse otsatira, lidali lakuti wophunzira asalipe kanthu. Maziko ake adali mawu a Ambuye kwa ophunzira ake pa Mateyu 10:8, onena za kupereka mwaulere chimene munthu adalandira mwaulere. Sukulu ya ku Rome itatsegulidwa m'chaka cha 1551, pakhomo pake padakhomedwa chikwangwani cholengeza kuti maphunziro a pamenepo adali aulere. Mwana wa mfumu ndi mwana wa mmisiri wa nsapato ankakhala m'chipinda chimodzi. Pomwe Papa Clement XIV ankathetsa chipanichi m'chaka cha 1773, masukulu ake adali atafika mazana ambiri ku Ulaya ndi kutsidya kwa nyanja.

Komabe sukulu yaulere sidali sukulu yopanda mtengo. Ignatius adalidziwa bwino zimenezi, chifukwa chake sankafuna kuti sukulu itsegulidwe pasadapezeke munthu kapena mzinda woiikira nkhokwe, ndiye kuti minda kapena chuma chimene phindu lake likanaisunga chaka ndi chaka. Olipira adali mafumu, mizinda, maepiskopi ndi akazi amasiye olemera. Wolipira wina, amene kawirikawiri saonekera m'mabuku, adali mphunzitsi mwini wake, pakuti adali atalumbira kukhala mmphawi ndipo sankalandira malipiro. Chitseko chidali chotsegukira aliyense chifukwa chakuti ena adali atasenza kale katundu yense.

Mtengo wa Georgetown

Ku America zinthu zidali zosiyana. John Carroll, amene adakhala episkopi woyamba wa Akatolika m'dzikomo, adayambitsa sukulu ya Georgetown m'mbali mwa mtsinje wa Potomac m'chaka cha 1789. Nthawi imeneyo Akatolika adali pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse, ndipo kudalibe mfumu kapena mzinda wofuna kuwaikira nkhokwe. Chipani cha Ajezuiti chitabwezeretsedwa padziko lonse m'chaka cha 1814, lamulo lakale la kuphunzitsa mwaulere lidawombana ndi umphawi wa dziko latsopano. Sukulu imene adatsegula mumzinda wa Washington m'chaka cha 1821 idatsekedwa m'chaka cha 1827, chifukwa akulu a ku Rome adaletsa kulandira fizi pamene popanda fizi sukuluyo sikadatha kuima. Pomaliza, m'chaka cha 1833, Papa Gregory XVI adalola Ajezuiti a ku America kuti azilipiritsa ophunzira. Lamulo la Ignatius, limene lidasungidwa zaka pafupifupi 300, lidamasulidwa pamenepo.

Ngakhale ndi fizi, Georgetown idali m'ngongole zazikulu, makamaka chifukwa cha nyumba zimene mkulu wake, Bambo Thomas Mulledy, adamanga. Tsono nkhokwe yokha imene Ajezuiti a kumeneko adali nayo idali minda ya fodya m'chigawo cha Maryland, ndipo minda imeneyo inkalimidwa ndi akapolo, anthu akuda amene makolo awo adagwidwa ku Africa. Ambiri mwa iwo adali Akatolika obatizidwa ndi ansembe omwewo. M'mwezi wa June 1838, Bambo Mulledy, amene tsopano adali mkulu wa Ajezuiti onse a m'chigawocho, pamodzi ndi Bambo William McSherry, adagulitsa anthu 272 kwa Henry Johnson ndi Jesse Batey, eni minda ku Louisiana, pa mtengo wa madola 115,000. Padali makanda, amayi ndi nkhalamba. Woyamba pa mndandanda adali bambo wina wa zaka 65 dzina lake Isaac Hawkins.

Mkulu wa chipani ku Rome, Bambo Jan Roothaan, adali ataloleza malondawo poika malire atatu: mabanja asalekanitsidwe, ogulitsidwawo apitirize kulandira masakramenti, ndipo ndalama zisalipirire ngongole. Malire onse atatu adaphwanyidwa. Mabanja ena adabalalika, ambiri adakhala zaka osaona wansembe, ndipo madola pafupifupi 17,000 adapita kukachepetsa ngongole za sukulu. Georgetown idapulumuka, koma amene adalipira chipulumutsocho sakadaloledwa kukhala pa benchi la m'kalasi mwake.

Chodabwitsa nchakuti patapita zaka zoposa 30, amene adakuza Georgetown kuti ikhale yunivesite yeniyeni adali Bambo Patrick Healy, wobadwa ku Georgia m'chaka cha 1834 kwa bambo wa ku Ireland ndi mayi amene adali kapolo. Mwa lamulo la kwawo, iyenso adabadwa kapolo. Adatsogolera sukuluyo mpaka chaka cha 1882, koma adatero chifukwa khungu lake lidali loyererako ndipo ambiri ankamuyesa mzungu. Nyumba yaikulu ya pa Georgetown ikudziwika ndi dzina lake, pamene wophunzira woyamba wodziwika kuti ndi wakuda adaloledwa m'maphunziro a digiri yoyamba m'chaka cha 1950.

Masukulu a ana a obwera

Kuyambira chaka cha 1845 njala yoopsa idagwa ku Ireland, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi adawoloka nyanja, ambiri a iwo kupita ku America. Pambuyo pake padabwera a ku Germany, Italy ndi Poland. Iwowa ndiwo ankakumba ngalande, kuyala njanji ndi kugwira ntchito m'nyumba za olemera. Eni dziko, amene ambiri adali Aprotestanti, adawalandira ndi chinyozo, ndipo mbiri yoona siyenera kubisa zimenezo. M'chaka cha 1834 gulu la anthu lidatentha nyumba ya asisitere ndi sukulu yawo ku Charlestown, pafupi ndi Boston. Koleji ya Holy Cross, imene Episkopi Benedict Fenwick adayambitsa ku Worcester m'chaka cha 1843, idamanidwa chilolezo chopereka madigiri ndi nyumba ya malamulo ya Massachusetts mpaka chaka cha 1865, kotero kuti ophunzira ake oyamba adalandira madigiri a Georgetown. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Harvard, motsogozedwa ndi Charles Eliot, idasiya makoleji ambiri a Ajezuiti kunja kwa mndandanda wa masukulu amene ophunzira ake ankaloledwa mosavuta kukaphunzira malamulo.

M'zaka za m'ma 1920 masukulu otchuka a kumvuma kwa dzikolo adayamba mwambo wina umene uli pakati pa mbiri ino. Poona kuti ana a Ayuda ndi a obwera ena akupambana mayeso olowera, adayamba kupereka mwayi woposa kwa ana a anthu amene adaphunzirapo kale pamasukulupo. Mwambowu unkaoneka ngati ulemu kwa makolo, koma ntchito yake idali kutchinga alendo.

Nchifukwa chake Akatolika adadzimangira masukulu awo. Bambo Edward Sorin, wa chipani cha Mtanda Woyera, adayambitsa Notre Dame m'thengo la ku Indiana m'chaka cha 1842. Pambali pa koleji adatsegula sukulu ya ntchito zamanja ya ana amasiye, ndipo kwa makolo opanda ndalama ankalandira ziweto ndi zokolola m'malo mwa fizi. Bambo John McElroy adayambitsa Boston College m'chaka cha 1863, pakati pa nyumba za anthu a ku Ireland, kuti mwana azichokera kwawo m'mawa ndi kubwerera madzulo, osalipira malo ogona. Fizi idali yochepa chifukwa ansembe, mabulazala ndi asisitere ankaphunzitsa, kuphika ndi kusesa popanda malipiro. Moyo wawo ndiwo udali nkhokwe ya masukuluwo. Mwa njira imeneyi mwana wa wokumba ngalande adasanduka loya, dokotala kapena mphunzitsi.

Koma amene adalawa kuwawa kwa chitseko chotseka nawonso adatsekera ena. Masukulu ambiri a Akatolika sankalandira anthu akuda mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mayi Katharine Drexel, sisitere amene adabadwira m'banja lolemera kwambiri, adagwiritsa ntchito chuma chake pomangira anthu akuda yunivesite ya Xavier ku New Orleans m'chaka cha 1925. Ku Saint Louis University chitseko chidatseguka m'chaka cha 1944, Bambo Claude Heithaus atalalikira molimba mtima m'tchalitchi cha sukuluyo kuti tsankho ndi tchimo. Wophunzira wakuda woyamba kutsiriza maphunziro ku Notre Dame, Frazier Thompson, adalandira digiri yake m'chaka cha 1947.

Walira mvula walira matope

Nkhondo itatha, boma la America lidayamba kulipirira maphunziro asilikali obwerera kwawo, motsata lamulo la chaka cha 1944, ndipo masukulu a Akatolika adasefukira. Pamodzi ndi kukulako padadza manyazi. M'chaka cha 1955 wansembe wina wodziwa mbiri, John Tracy Ellis, adalemba nkhani yodzudzula Akatolika anzake kuti ngakhale masukulu awo adali ambiri, sadatulutse akatswiri a nzeru olingana ndi a masukulu ena. Mawu ake adalasa mitima, ndipo atsogoleri atsopano adatsimikiza kuti masukulu awo apikisane ndi Harvard ndi Yale.

Patsogolo pa onse padali Bambo Theodore Hesburgh, amene adatsogolera Notre Dame kuyambira 1952 mpaka 1987. Adapeza nkhokwe ya sukuluyo ili ndi madola mamiliyoni 9, naisiya ili ndi mamiliyoni 350. M'chaka cha 1967 adapereka ulamuliro wa sukulu ku bungwe limene ambiri mwa mamembala ake sadali ansembe, ndipo chaka chomwecho adasonkhanitsa anzake ku Land O'Lakes, kumene adagwirizana kuti yunivesite ya Chikatolika iyenera kukhala ndi ufulu wodziyendetsa pa zamaphunziro. M'chaka cha 1972 adatsegulira chitseko atsikana. Iye adalinso womenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo adakhala zaka 15 m'bungwe la boma loona za ufulu wa nzika.

Ukatswiri umene ankaufunawo udali ndi mtengo wake. Udafuna nyumba za mabuku, zipinda zoyeseramo zasayansi ndi aphunzitsi otchuka olandira malipiro aakulu. Nthawi yomweyo nkhokwe yakale ija idayamba kuphwa, pakuti ansembe ndi asisitere adachepa msangamsanga. Ajezuiti a ku America, amene adali oposa 8,000 m'zaka za m'ma 1960, adatsika mpaka kuchepera 2,500 pofika chaka cha 2020. Pamalo pa wansembe aliyense wochoka padafunika munthu wapabanja wolandira malipiro. Boston College idatsala pang'ono kugwa ndi ngongole; ophunzira ake adanyanyala maphunziro m'chaka cha 1970 pokana kukwera kwa fizi, ndipo amene adaiwongola ndi Bambo J. Donald Monan, amene adayamba utsogoleri m'chaka cha 1972. Kuyambira 1983 magazini ya U.S. News & World Report idayamba kusanja masukulu potsata kutchuka kwake, ndipo m'kupita kwa zaka sukulu yokana ofunsira malo ambiri ndi kuwononga ndalama zambiri pa wophunzira aliyense ndiyo inkakwera pamndandanda.

Funso lakale lidabweranso: wolipira ndani? Yankho latsopano lidali makolo olemera ndi ophunzira akale opereka mphatso. Zidzukulu za okumba ngalande zija zidali zitalemera, ndipo zinkapereka mowolowa manja ku masukulu amene adakweza mabanja awo. Koma akale adati kupatsa nkuika. Wopereka ankayembekeza kuti mwana wake akagogoda, chitseko chidzatseguka. Motero mwambo wokondera ana a ophunzira akale, umene udapangidwa kuti utchinge alendo onga makolo awo, udakhazikika m'masukulu a Akatolika omwe.

Chikumbumtima ndi buku la msungichuma

Sikuti panalibe olimbana nazo. Martin Luther King ataphedwa m'mwezi wa April 1968, Bambo John Brooks wa ku Holy Cross adayenda pagalimoto m'mizinda ya kumvuma kufunafuna anyamata akuda anzeru, nawalonjeza maphunziro aulere ngakhale ndalama zake zidali zisadapezeke. Mwa anyamata akuda amene adalowa chaka chimenecho mudali Edward P. Jones, amene adadzakhala mlembi wotchuka, ndi Clarence Thomas wa ku Georgia, amene adadzakhala woweruza m'bwalo lalikulu koposa la dzikolo. M'chaka cha 1973, ku Valencia, mkulu wa Ajezuiti onse, Bambo Pedro Arrupe, adauza ophunzira akale poyera kuti masukulu a chipanicho sadawaphunzitse chilungamo mokwanira. M'chaka cha 1978 Georgetown idalonjeza kusankha ophunzira mosayang'ana m'thumba la makolo, ndi kuthandiza aliyense wosankhidwa molingana ndi kusowa kwake. M'chaka cha 1990 Papa John Paul II, m'kalata yake yonena za mayunivesite a Chikatolika, adalamula kuti masukuluwa azifuna njira zofikitsira maphunziro kwa osauka ndi kwa magulu amene akhala akumanidwa.

Malonjezo amenewa adali oona, ndipo ana zikwizikwi adapindula nawo. Koma kusayang'ana m'thumba pa tsiku losankha sikufafaniza zimene thumbalo lachita kale kwa zaka 18. Mwana wa wolemera amafika pakhomo atadutsa m'sukulu zabwino, atalembedwera aphunzitsi apadera okonzekera mayeso, ataphunzira masewero odula monga tenesi ndi kupalasa bwato, amene masukuluwa amawasungira malo. Ngati bambo wake adaphunzira pomwepo, kapena banja lake lingathe kupereka mphatso yaikulu, kalata yake imawerengedwa ndi diso lina. Ku Notre Dame, kwa zaka zambiri, pafupifupi mmodzi mwa ophunzira asanu alionse adali mwana wa wophunzira wakale.

Oteteza mwambowu ali ndi mfundo zimene siziyenera kunyozedwa. Amati sukulu ya mpingo ili ngati banja, ndipo chikhulupiriro chake chimasungidwa ndi mabanja amene aikonda mibadwomibadwo. Amatinso mphatso za mabanja amenewa ndizo zimalipirira ana osauka. Otsutsa amayankha kuti malo ndi owerengeka, ndipo malo opatsidwa kwa mwana chifukwa cha dzina la bambo wake achotsedwa kwa mwana wina amene bambo wake sadaone mkati mwa koleji. Amakumbutsanso kuti agogo a ana akuda sakadatha kukhala ophunzira akale pa sukulu imene inkawakana.

M'chaka cha 2017 akatswiri a zachuma motsogozedwa ndi Raj Chetty adafalitsa kafukufuku wochokera m'mabuku a msonkho. Adapeza masukulu 38 m'mene ana ochokera m'mabanja olemera koposa, amene ndi banja limodzi lokha pa mabanja 100, adali ochuluka kuposa ana onse ochokera m'mabanja 60 apansi pa 100 alionse. Georgetown, Notre Dame ndi Boston College adali pamndandandawo. Ku Georgetown ana a kagulu kapamwambako adali pafupifupi 21 pa 100, pamene a mabanja apansiwo sadakwane 14. Pofika chaka cha 2024, mtengo wonse wa chaka chimodzi pa masukulu atatuwa, kuphatikiza chakudya ndi malo ogona, udapitirira madola 80,000, ndalama zolingana ndi zimene banja lapakatikati la ku America linkapeza pa chaka chathunthu. Nzoona kuti osauka osankhidwa salipira mtengo wonsewo, koma ambiri amangouona nabwerera asadagogode nkomwe.

Mlandu suola

M'chaka cha 2015 nkhani ya anthu 272 aja idadzukanso. Ophunzira a pa Georgetown adakhala pansi pakhomo pa ofesi ya mkulu wa sukulu, kufuna kuti mayina a Mulledy ndi McSherry achotsedwe pa nyumba ziwiri. Ofufuza mibadwo adapeza zidzukulu za ogulitsidwawo zikwizikwi, zambiri zikukhala ku Louisiana, ndipo zina zikadali m'Chikatolika. M'chaka cha 2016 mkulu wa sukulu, John DeGioia, adalengeza kuti zidzukuluzo zikafunsira malo zidzalandira mwayi wofanana ndi wa ana a ophunzira akale. Pamenepo mwambo wokondera uja udagwiritsidwa ntchito povomereza kuti akapolowo nawonso adali omanga sukulu. M'mwezi wa April 2017, pa mapemphero a kulapa, Bambo Timothy Kesicki adapepesa m'dzina la Ajezuiti pamaso pa zidzukuluzo, ndipo nyumba imodzi idatchedwa dzina la Isaac Hawkins, ina la Anne Marie Becraft, mayi wakuda amene adatsegulira atsikana akuda sukulu m'dera lomwelo. M'chaka cha 2019 ophunzira adavota kuti aliyense aziwonjezera madola 27.20 pa fizi ya chigawo chilichonse cha chaka kuti zithandize zidzukuluzo. Akulu a sukulu sadatsate njirayo koma adakhazikitsa thumba lawo. M'chaka cha 2021 Ajezuiti adalonjeza kusonkhanitsa madola mamiliyoni 100, ngakhale kuti chaka chotsatira atsogoleri a zidzukulu adadandaula kuti ndalamazo zikubwera mochedwa.

Zaka zomwezo zidavumbulutsa zina za pakhomo. M'chaka cha 2019 boma lidagwira gulu la makolo olemera amene ankagulira ana awo malo m'masukulu otchuka. Mphunzitsi wa tenesi pa Georgetown, Gordon Ernst, adalandira ziphuphu zoposa madola mamiliyoni atatu kuti alembe ana ena ngati akatswiri a masewerowo, ndipo m'chaka cha 2022 adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 30. Sukulu idanamizidwa, komabe mlanduwo udaonetsa kuti khomo la masewero lidalipo ndipo olemera ankalidziwa. M'mwezi wa January 2022 ophunzira akale adasumira masukulu otchuka, amene pomaliza adakwana 17, kuphatikiza Georgetown ndi Notre Dame. Lamulo la chaka cha 1994 linkalola masukulu kugwirizana za kawerengedwe ka chithandizo cha osauka pokhapokha ngati onse akusankha mosayang'ana m'thumba. Osumawo adati masukuluwo ankakondera ana a opereka mphatso, ndipo mgwirizano wawo udachepetsa chithandizo. M'chaka cha 2024 masukulu khumi adavomera kulipira madola mamiliyoni 284 popanda kuvomera kulakwa. Georgetown ndi Notre Dame sadali pakati pa khumiwo, ndipo adaukana mlanduwo.

Pa 29 June 2023 bwalo lalikulu lidagamula, pa milandu ya Harvard ndi University of North Carolina, kuti nkosaloledwa kupatsa wofunsira malo mwayi chifukwa cha mtundu wake. Masukulu a Akatolika oposa 50, motsogozedwa ndi Georgetown, adali atalembera bwalolo kupempha kuti njirayo isathetsedwe, ponena kuti ndi mbali ya utumiki wawo. Mmodzi mwa oweruza amene adaithetsa adali Clarence Thomas yemwe uja, amene kwa zaka zambiri adakhala akunena kuti kukondera kotere kumaika chikayiko pa ulemu wa amene akuti akuthandizidwa. Chigamulocho sichidakhudze mwambo wokondera ana a ophunzira akale. Pamenepo ambiri, kuphatikiza ophunzira ndi aphunzitsi a pa Georgetown amene adasaina kalata yodandaula, adafunsa kuti zingatheke bwanji kuti chithandizo cha omanidwa chithe pamene cha odala kale chatsala. M'chaka cha 2024 zigawo za Maryland ndi California zidakhazikitsa malamulo oletsa mwambowo ngakhale m'masukulu osakhala a boma.

Dzina la Messina libweranso

Ena adafuna njira pobwerera ku chiyambi. M'chaka cha 1996 Ajezuiti a ku Chicago adatsegula sekondale ya Cristo Rey pakati pa mabanja osauka ochokera ku Mexico, kumene ana amagwira ntchito m'maofesi pafupifupi tsiku limodzi pa sabata kuti alipirire mbali yaikulu ya maphunziro awo. M'chaka cha 2015 Loyola University ya mumzinda womwewo idatsegula koleji ya zaka ziwiri yotchedwa dzina la Arrupe, yokonzedwa kuti osauka atsirize opanda ngongole yaikulu. M'chaka cha 2024 Boston College idatsegula koleji yotere ya ana pafupifupi 100 pa chaka, amene makolo awo sadapiteko ku koleji, niitcha Messina. Chaka chomwecho mkulu watsopano wa Notre Dame, Bambo Robert Dowd, adalengeza kuti chithandizo cha sukuluyo sichidzakhalanso ndi ngongole m'kati mwake, ndi kuti ofunsira malo ochokera kunja kwa America nawonso adzasankhidwa mosayang'ana m'thumba. Notre Dame idatha kutero chifukwa nkhokwe yake idali itapitirira madola mabiliyoni 15. Holy Cross, imene nkhokwe yake ndi yaing'ono poyerekeza, idalengeza m'chaka cha 2019 kuti yasiya lonjezo losankha mosayang'ana m'thumba, chifukwa katunduyo adailemera.

Masukulu awiriwa ali ndi chikhulupiriro chimodzi ndi chiphunzitso chimodzi pa za osauka. Chosiyana ndi nkhokwe. Apa ndi pamene mbiri yonseyi yagona: m'badwo uliwonse chitseko chidatseguka kapena kutsekeka potsata amene adasenza mtengo wake. Ku Messina udasenzedwa ndi mzinda, ku Georgetown ndi anthu 272 ogulitsidwa aja, ku Boston ndi ansembe ndi asisitere osalipidwa, ndipo m'zaka zotsiriza ndi mabanja olemera amene adafuna malo a ana awo.

Masinodi a chigawo chino nawonso ali ndi masukulu a sekondale, makoleji ndi mayunivesite, amene ambiri adayambitsidwira ana a alimi, ndipo lero amadalira fizi chifukwa chithandizo cha amishoni chidachepa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kalata ya Yakobo, m'mutu wachiwiri, imadzudzula msonkhano umene ukhazika wovala bwino pampando wabwino ndi kuimika wosauka kumbuyo. Pa sukulu mipando imeneyo simagawidwa tsiku lotsegulira. Imagawidwa miyezi yambiri m'mbuyo, m'komiti ya zachuma, pamene nthumwi zikukambirana za kukweza fizi, za thumba lothandizira ana osowa, ndi za kalata ya munthu wotchuka wopempha malo a mwana wake.